Mwala Umene Tinawiritsa ku Lawrence

Mu Febuluwale 2017 ndinagonetsa anthu atatu m'chipatala ku Indianapolis, wachitatuyo ndili ine ndemwe, chifukwa chowiritsa mwala mumphika. Tadala ndi Yamikani, inu munali kutali kusukulu, ndipo amayi anu anangokuuzani kuti ndadwala chifuwa. Sichinali chifuwa. Ndalemba mutu uno kuti mudziwe zimene zinachitika monga momwe zinachitikira, musadzamve kwa anthu akutchalitchi amene aliyense ali ndi mathero ake a nkhaniyi.

South Bend, 2011

Ntchito yanga yoyamba ku America ndinaipeza ndili ndi zaka 57, nditagwira utolankhani ku Blantyre zaka zoposa makumi awiri. Amayi anu anali atayamba kale unamwino pachipatala china m'tauni, ine ndikungokhala pakhomo n'kumawerenga nyuzipepala za eni ake. Tsiku lina ndili m'basi ndinaona chikwangwani pasitolo yogulitsa nsomba zoweta m'nyumba, chonena kuti akufuna wantchito. Mwini sitoloyo anali mzungu wachikulire wowonda, dzina lake Walt, manja ake ali ming'alu yokhayokha chifukwa cha madzi amchere. Anandifunsa ngati nsomba ndimazidziwa. Ndinati ndimazidziwa bwino, ndazidya moyo wanga wonse. Sanaseke. Koma anaona kuti chilichonse chimene ankanena ndinkachilemba m'kabuku kanga ka m'thumba, ndipo ananditenga chifukwa cha kabukuko.

Tsiku lachiwiri ndinachita chinthu chimene chinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Ndikutsuka thanki, ndinatulutsa kanthambi kobiriwira kolimba ngati mwala n'kukaika patebulo kuti ndipukute bwino galasi. Walt anakuwa ngati ndagwetsa khanda. “Bwezera m'madzi! Chimenecho n'chamoyo!” Ndinakabwezera msangamsanga. Mwala wamoyo? Anandikhazika pansi n'kundifotokozera, ndipo zimene ndinalemba tsikulo ndidakali nazo. Chinthucho dzina lake ndi korali, ndipo si mwala, si chomera. Ndi tinyama ting'onoting'ono tambirimbiri tokhala pamodzi, timene timadzimangira chigoba cholimba n'kuchikuta ndi khungu lopyapyala lokongola. Khungulo likafa, pamatsala chigoba choyera mbee. Amafuna madzi amchere wa mlingo wake, ofunda mofanana usana ndi usiku, kuwala kokwanira, ndi madzi oyenda. Chimodzi chikalakwika, ntchito ya zaka zisanu imatha m'masiku atatu. Ndinabwerera kunyumba mutu ukuzungulira. Ine amene ndinalembapo za maboma ndi makhoti sindinkadziwa kuti padziko pano pali anthu oweta miyala m'chipinda chochezera.

Zaka zitatu za ku South Bend zinali za kuzizira ndi kusowa. Makatoni a korali ankabwera pandege, ndipo chipale chofewa chikagwa chambiri ankachedwa. Tinkawatsegula madzi ake atazizira ngati a mufiriji, fungo likunena lokha kuti theka lafa. Chaka china lole yobweretsa mchere inalephera kufika masabata awiri, ndipo Walt ankagawa mchere wotsalawo ndi kapu, kuyang'ana thanki iti ingapirire ndi iti singapirire. Anali ndi malamulo awiri osasintha. Loyamba: korali aliyense watsopano aviikidwe m'mankhwala ndipo akhale payekha mwezi wathunthu, chifukwa amabwera ndi tizirombo. Lachiwiri linali la tinthu tina tabulauni tomera pamiyala, tooneka ngati timabatani ta malaya. “Iti tili ndi poizoni,” anatero. “Magolovesi nthawi zonse, ndipo usamagwire m'maso.” Ndinalemba mawu amenewo ndendende: magolovesi, maso. Sindinafunse china, iyenso sanawonjezere.

Indianapolis, 2014

Walt atatseka sitolo chifukwa cha msana, amayi anu anapeza ntchito ku Indianapolis ndipo tinasamukira ku Beech Grove, dera la m'mbali mwa mzindawo. Kalata imene Walt anandilembera inandilowetsa pakampani yaing'ono yosamalira mathanki a m'nyumba za anthu. Bwana wake anali mayi wotchedwa Denise, wolankhula mwachangu, wosakonda moni wautali. Anandipatsa vani, zigubu za madzi, ndi mndandanda wa nyumba. Ndinkalowa m'nyumba zimene eni ake sindinawaonepo nkhope, makiyi ali pansi pa mphika wa maluwa. Ndinkayeza madzi, kusintha ena, kupala ndere pagalasi, kenako kulemba lipoti. Anzanga malipoti ankadana nawo, ine ndinkawakonda: ndani, chiyani, liti, kuti, chifukwa chiyani. Denise ankawawerenga mokweza pamsonkhano wa Lolemba kuti ena atengerepo, zimene sizinandipezere abwenzi. Lamulo lake lalikulu linali lakuti chilichonse chimene wachotsa m'thanki, kaya mwala, kaya nsomba yakufa, chisatsale m'nyumba ya kasitomala. Chilowe m'vani, chikatayidwe kukampani.

Lawrence, 2016

Pa nyumba zonse za pamndandanda wanga, imodzi yokha, ya ku Lawrence mbali ina ya mzindawo, inali ya Mmalawi. A Nankhoma, namwino wamkulu msinkhu kuposa ine, tinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Amuna awo, amene ankagwira ntchito yopereka mankhwala pachipatala, anali atamwalira chaka chapitacho n'kusiya thanki yaikulu pabalaza. Pakati pa thankiyo panali korali wa nthambi, nsonga zake zabuluu, wotambalala ngati lichero. Malemuwo anamugula ali kachidutswa kotalika ngati chala, ndipo anamulera zaka zisanu ndi zinayi. A Nankhoma za mchere ndi mapampu sankazidziwa, koma akaweruka kuntchito ankakhala pampando wa amuna awo n'kumamuyang'ana. Ankamutcha mtengo wa bambo. Tsiku loyamba anandiuza kuti, “A Matiki, nsombazi zikafa tigula zina. Koma mtengo uwu usafe muli inu.”

Mu Novembala ndinaona timadontho toyera m'munsi mwa nthambi, tozungulira, tosaposa njere ya mapira. Ndinanyamula mwala wonse pamodzi ndi koraliyo, kuuika m'beseni la madzi a mankhwala, n'kumawapemerera ndi kachubu. Patangopita mphindi zochepa, pansi pa beseni loyera panayamba kugwa tinthu. Tinali tinyongolotsi tafulati, topyapyala ngati khungu la anyezi, ta mtundu weniweni wa koraliyo. Ndinawerenga 41. Kwa miyezi ndinkayang'ana nthambi zimenezo sabata iliyonse, nkhope ili pagalasi, osaona kanthu, chonsecho zikudyedwa pamaso panga. Nditatembenuza mwala ndinapeza choipa choposa: timagulu ta mazira tabulauni, tomata pachigoba m'kati mwenimweni mwa tsinde, momwe chala kapena burashi sizingafike. Mankhwala amapha nyongolotsi, koma mazira sawakhudza. Amaswa pakatha masabata awiri kapena atatu, nkhondo n'kuyambiranso.

Ndinawauza a Nankhoma njira yodalirika: kudula nsonga zimene zili bwino, kuzilera pazokha, n'kutaya tsinde lonse ndi mazira ake.

“Kudula?” anatero. “Mukuti mudule mtengo wa bambo?”

“Mayi, tikapanda kudula tidzataya wonse.”

“Inu mwandisitiresa. Kuchipatala mwendo sitidula tisanayese mankhwala. Yesani kaye.”

Ndinayesa. Masabata khumi ndi awiri ndinkauviika sabata iliyonse, n'kumapala mazira amene ndinkawafikira ndi kansonga ka waya. M'beseni munkagwa 30, sabata ina 12, sabata yotsatira 35. Kuyera kuja kunkakwera kuchokera m'munsi ngati chiswe pamtengo wa denga. Kuviika pafupipafupi nakonso kunkamufooketsa, buluu uja n'kumazilala. Kumayambiriro kwa Febuluwale theka linali chigoba chokhachokha. Ndinawaonetsa zithunzi za sabata iliyonse motsatana. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Bwerani Loweruka. Koma ndikhalepo.”

Loweruka lija, 2017

Ndinafika 9 koloko m'mawa, kunja kukuzizira koopsa, mawindo onse otseka. M'nyumbamo munalinso alamu awo a Nabanda, mlongo wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzacheza miyezi itatu. Anali mayi wamphamvu, wosakhala pansi, amene m'masabata awiri anali atakolopa ndi galaja yomwe. Ndinadula nsonga zisanu ndi zinayi, iliyonse yotalika ngati chala, kuziviika, kuziyang'ana ndi galasi lokuza zinthu, kenako kuzimata pa timiyala tatsopano. Ndinaziika m'kathanki kena kamene ndinakonzeratu m'chipinda chapansi. Nthambi iliyonse ikamathyoka, a Nankhoma ankatsinzina. Pofika 11 koloko ntchito inali itatha, ndipo m'ndowa munatsala mwala ndi tsinde lakufa. Kuseri kwa mwalawo kunali timabatani tabulauni tija, tochuluka ngati chikhatho. Ndinali nditavala magolovesi monga mwa lamulo. Ndinanyamula ndowa kuti ndipite nayo kuvani.

“Mukupita nawo kuti?” anafunsa a Nabanda.

“Kokataya, mayi. Muli mazira.”

“Kutaya? Mwala umene achimwene anaunyamula ndi manja awo? Alamu, mukumva zimenezi?”

A Nankhoma anati, motsitsa mawu, “A Matiki, nthambi mwatenga. Tsindeli ndisiyireni. Ndiliumitsa ndiliike pashelefu.”

Ndinafotokoza lamulo la kukampani. A Nabanda anaseka mpaka kugwira m'chiuno. “Lamulo la azungu pa mazira? Inu a mtolankhani, munakulira kuti? Nsikidzi zikalowa m'bedi kwanu munkataya bedi? Madzi owira, basi! Palibe dzira limene limapirira madzi owira.”

Apa ndilembe mosabisa. Sanandikakamize. Ndinaganiza, ndipo ndinaona kuti akunena zoona. Tonse atatu tinakula tikudziwa kuti chowiritsa n'chotetezeka: madzi akumwa nthawi ya kolera, matewera a mwana, zovala za wodwala, mphasa ya nsikidzi. Za poizoni wa timabatani ndinakumbukira ndithu, koma ndinati moto uthana nayenso. Komanso ndinali nditangothyola chinthu cha mwamuna wa mayi wamasiye iye akuona, ndipo kumukaniza chachiwiri pakamwa panga panalemera. Ndinati, “Chabwino. Mphindi makumi awiri zikwana.” Mphika waukulu wophikira pa zikondwerero ndinauika pachitofu ndine. Mwala ndinauikamo ndine.

Nthunzi inadzaza khitchini, ya fungo ngati la matope a m'dambo. A Nabanda ankavundukula n'kumasuzumiramo, akutembenuza mwala ndi mthiko. “Taonani tizirombo tikufa! Mumati mutaye!” Mphindi makumi awiri zitatha anawonjezera madzi n'kuusiya uziwirabe pamoto wochepa. Tinamwa tiyi pomwepo, patebulo la m'khitchini. Woyamba kudandaula anali a Nankhoma, amene anati tiyi akuwawa ngati wanyambita kiyi. Inenso m'kamwa munali chimodzimodzi. Cha m'ma 1 koloko tonse tinkayetsemula ndi kutsokomola, maso akuyabwa, ndipo tinaseka kuti chimfine chatigwira tsiku limodzi. Cha m'ma 3 koloko ndinali kunjenjemera ndili ndi jekete m'nyumba yofunda, mafupa akuphwanya. Kenako ndinamva a Nabanda akupuma ngati munthu wokoka mpweya pa kabowo ka bango. Anakhala pansi pakhitchini, atatsamira kabati, milomo itasintha mtundu. Mayi amene m'mawa ankaseka uja sankatha kumaliza mawu amodzi.

A Nankhoma unamwino unawadzukira. “Zimitsani chitofu! Tsegulani zitseko! Tulukani panja!” Anaimba foni ya ambulansi akutsokomola, ine ndikukokera alamu awo pakhonde pa chipale chofewa. Ndinayang'ana mphika uja kudzera pawindo, ukutulutsabe nthunzi, ndipo m'pamene zinandifikira kuti tikupuma poizoni wa timabatani tija.

Kuchipatala dokotala wachitsikana anatifunsa zimene tinadya, kumene tinapita, ngati m'nyumba muli gasi wotuluka. Ndinapempha pepala, popeza kulankhula kunkandivuta, ndipo ndinalemba dzina la timabatani tija ndi mawu akuti tawiritsa. Anatuluka kukaimbira akatswiri a za poizoni. Atabwerera nkhope inali ina. Anati poizoni wa tinyama timeneto ndi mmodzi mwa oopsa kwambiri odziwika m'chilengedwe, kutentha sikumuwononga, ndipo kuwiritsa kumangomukweza mu nthunzi kuti alowe m'mapapo. Mankhwala omuthetsa palibe. Chimene akanatha ndi kutithandiza kupuma n'kudikira. Ndinagona chagada, chubu cha mpweya chili m'mphuno, ndikubwereza mawu amenewo: mankhwala palibe. Ine ndi a Nankhoma tinatuluka patapita masiku awiri. A Nabanda anakhala masiku asanu ndi limodzi, atatu mwa iwo m'chipinda cha odwala kwambiri.

Lipoti

Nyumba inatsukidwa ndi anthu ovala zodzitetezera thupi lonse, ndipo mwala, mphika ndi mthiko zinatengedwa zitamizidwa m'mankhwala a bulitchi. Tsinde lija a Nankhoma sanalionenso. Denise anandiimbira kuti akufuna lipoti Lolemba la sabata yotsatira. Lamlungu masana a Nankhoma anabwera kwathu ku Beech Grove, mawu adakali osasa, n'kukhala pampando osavula chikhoti.

“A Matiki, mukalemba zoona akufayani.”

“N'kutheka, mayi.”

“Ndiye mverani. Mulembe kuti munasiya ndowa pakhomo mukukatenga zida kuvani, ife n'kuwiritsa tokha. Inu munalowa mochedwa. Alamu avomera, ndalankhula nawo. Ndife tinakuumirizani.”

“Chitofu ndinayatsa ndine.”

“Ndani anaona? Tamverani, bambo inu. Akakuchotsani anditumizira mwana wachizungu wosadziwa kuti tinthambi tija n'chiyani. Tikafa, ndatsala ndi chiyani? Tsinde lapita. Mwandidulira mtengo, ndiye mundisiyenso?”

Funso limenelo linandilasa kuposa poizoni. Ankanena zoona: tinthambi tongodulidwa kumene timafa msanga, ndipo tinkafunika kuviikidwa ndi kuyang'aniridwa sabata iliyonse ndi munthu wotidziwa. Bodza lake linali laling'ono, la mizere iwiri, ndipo mboni zonse zinali kumbali yanga. Ndinakhala ndi pepala patebulo mpaka dzuwa kupendeka. Chimene chinandiletsa si ulemu wanga. Ndinaganiza za anzanga a m'mavani ena, amene ankadziwa za magolovesi ndi maso monga ine, osadziwa za nthunzi. Lipoti lonena kuti amayi awiri achikulire anachita zosadziwa likanangosungidwa m'kabati. Lipoti lonena kuti wantchito wa zaka zisanu ndi chimodzi anayatsa moto yekha likanawerengedwa mokweza. Ndinalemba masamba awiri, chiganizo choyamba chili chakuti: Ndinaphwanya lamulo la kampani ndipo ndinawiritsa mwala wokhala ndi poizoni m'khitchini ya kasitomala.

Denise anawerenga ataimirira. Atamaliza anakhala pansi, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita masana. “Unawiritsa? Iweyo? Pa anthu onse?” Anafunsa katatu. Kenako anandifunsa chifukwa chake, ndipo nditamufotokozera za nsikidzi ndi madzi owira anangogwira pakamwa. Sanandichotse ntchito, koma anandilanda vani ndi makiyi a nyumba zonse. Miyezi makumi awiri ndi iwiri yotsala ya ntchito yanga ndinaithera m'nyumba yosungiramo katundu, kusakaniza mchere ndi madzi m'migolo ndi kutsuka ndowa za anzanga. Lipotilo analiwerenga pamsonkhano ine ndili pomwepo. Mmodzi mwa anzanga, wa zaka zambiri pantchitoyo, anaulula kuti iye miyala yotere ankaikwecha ndi madzi otentha m'bafa la kwawo. Tsiku lomwelo lamulo latsopano linamatidwa m'vani iliyonse. Nyumba ya a Nankhoma kampani inaichotsa pamndandanda.

Kwa masabata awiri a Nankhoma sanandiyankhe moni kutchalitchi. Ine Loweruka lililonse ndinkapitabe ku Lawrence pa galimoto ya amayi anu, ndi zida zogula ndekha, nditamuuza Denise kuti ndikupita ngati mnansi, osati wantchito. Ankanditsegulira chitseko cha chipinda chapansi n'kubwerera pabalaza. Mwa tinthambi tisanu ndi tinayi, titatu tinayera sabata yoyamba, pamene tonse tinali m'chipatala ndi pambuyo pake. Tiwiri tinafa mwezi wotsatira. Tinayi tinagwira. Sabata yachisanu ndi chiwiri m'beseni simunagwe kanthu, yachisanu ndi chitatu chimodzimodzi. Thanki yaikulu inali itakhala miyezi iwiri yopanda korali wa mtundu umenewo, kuti nyongolotsi zotsala zife ndi njala. Tsiku limene ndinabwezeramo tinayi tija, a Nabanda anali atatsala masiku ochepa kuti abwerere ku Dedza, akuyendabe pang'onopang'ono. Anasuzumira pagalasi n'kunena kuti, “Tonse tija kufera timitengo ta machesi iti?” Kenako anandipatsa mpando.

Beech Grove, 2019

Ndinapuma pantchito mu Disembala chaka chatha. Ku Lawrence ndimapitabe. Tinthambi tinayi tija takula, kakakulu kafika ngati chikhatho chotambasula, ndipo buluu wabwerera kunsonga. A Nankhoma tsopano amayeza okha mchere, ndipo ali ndi kabuku kawo.

Loweruka lapitali anandiimbira ndisananyamuke. Anati pa kakakulu kaja, m'munsi, aona kadontho koyera kamodzi. Ndinapita, ndinayang'ana ndi galasi lokuza zinthu, ndipo kalipodi, kozungulira, kosaposa njere ya mapira. Mwina ndi nkhanu yaing'ono ya m'thankimo inakanda, mwina ndi nyongolotsi zija. M'thankimo simunalowe korali watsopano chiyambire, choncho sindikudziwa kumene zingachokere, ndipo sindilemba chimene sindikudziwa. Mankhwala oviikira anali atatha. Ndaitanitsa ena ndipo afika Lachinayi. Loweruka likudzali tidzaika kanthambiko m'beseni loyera n'kuwerenga zimene zigwe. Mukagwa ngakhale kamodzi, tidula tsiku lomwelo. A Nankhoma anena kuti ulendo uno chodulira agwira okha.